Kachingwe ka M'diso la Amayi

"Achemwali, inu simunalire. Mudzi wonse waona. Achimwene atsikira m'manda maso anu ali gwa, ngati munthu amene ankadziwa kale."

Ankayankhulawo anali amalume aang'ono, a Timoti. Anaimirira pakati pa bwalo la nyumba ya malemu, chala chili pa amayi anga. Unali m'mawa wa tsiku losesa, alendo atabalalika, titatsala abale okhaokha pamikeka. Amene tinaika dzulo lake anali amalume aakulu, a Kalisto, eni mbumba yathu. Pa ana anayi a agogo panatsala atatu: amayi anga a Nester, amayi aang'ono a Doreen, ndi a Timotiwo, mzime, amene tsopano umwini mbumba unawagwera usiku umodzi wokha.

Ndinafuna kudzuka. Amayi anaponda nsonga ya chitenje changa ndi chidendene.

"Khala pansi, Maluwa," anatero osandiyang'ana.

Anakhala mowongoka, msana utatsamira khoma, magalasi akuda ali kumaso. Umu ndi mmene anakhalira masiku khumi ndi awiri chichokereni ku chipatala cha maso ku Blantyre.

Kuti mumvetse za magalasiwo muyenera kudziwa za diso. Kwa zaka khumi ndi chimodzi diso lakumanzere la amayi linkatuluka misozi usana ndi usiku. Akuseka, misozi. Akulima, misozi. M'mawa linkadzuka litamatana ndi mafinya, ndipo pambali pa mphuno pankatupa ngati nyemba. Geni yawo ya mandasi pa Namadzi inafera pomwepo, chifukwa wogula ankayang'ana diso, n'kuyang'ana beseni, n'kupita kwa mayi wina. Pamaliro azimayi anzawo ankawachotsa kophika. "Pitani mukakhale m'nyumba, amake Maluwa, kuno kuli utsi," ankatero, koma tonse tinkadziwa kuti akuopa kuti chinachake chigwera mu ndiwo. Akalowa m'nyumbamo ankawakhazika kutsogolo penipeni, pafupi ndi bokosi, alendo aziti mudzi uno uli ndi anthu achisoni. Diso lomwe linkawanyansa kukhitchini linkawakongoletsera maliro. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo ngati limapweteka.

Amene anafunsa ndi a Kalisto. Ndi iwo anawakweza amayi pa njinga mpaka pa Mbulumbuzi kukatenga kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu, n'kuwakakamiza kupita ku Blantyre katatu konse mpaka tsiku la opaleshoni litapezeka. Dokotala anatilongosolera pojambula papepala. Anati munthu aliyense ali ndi kanjira kochoka pakona ya diso kutsikira m'mphuno, kamene misozi imadzera, ndipo ka amayi kanatsekeka. Anang'amba pang'ono pambali pa mphuno, n'kutsegula njira yatsopano, n'kusiyamo kachingwe kapulasitiki kowonda ngati ulusi kuti njirayo isatsekekenso pamene ikupola. Kachingweko kankaoneka pang'ono pakona ya diso, koyera ngati madzi. Kanayenera kukhala miyezi iwiri.

Nesi anatipatsa malamulo. Osamina. Osatikita diso. Osaweramira pansi, osasenza katundu. Utsi ndi fumbi ayi. Pachilonda pasafike madzi ena alionse kupatula owiritsa. Kachingwe kakatuluka, osakakoka, kungokamata ndi pulasitala pamphuno n'kubwera nako. Ine sukulu ndinalekezera Folomu 2, koma pepala la Chingerezi limene anatipatsa ndinaliwerenga liwu ndi liwu, ena ndikufufuza pa foni, mpaka ndinaliloweza.

Pali china chimene muyenera kudziwa. Tsiku loti mawa tinyamuka kupita ku opaleshoni, a Kalisto anabwera kwathu masana. Amayi ndi a Doreen anali pakhonde, akusenda nandolo wamuwisi. Ine ndinali m'nyumba, kuseri kwa chitseko, ndikusita zovala za ulendo. Amalume anakhala pa mpando, n'kupuma nthawi yaitali, kenako anawauza alongo awo awiriwo zimene madokotala anawapeza nazo. Chiwindi chinali chitatha. Anati mwina saona mvula.

"Musauze munthu," anatero. "Ngakhale mlamu wanu, ngakhale Timoti. Angayambe kundilira ndili moyo, n'kumandimwetsa mitsitsi ya dziko lonse. Ndikufuna ndikolole nandolo wanga mwamtendere."

Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Iwe Nester, ndikapita diso lisanapole, usadzigwetse pansi, usalowe mu utsi. Wandilira kale zaka khumi ndi chimodzi, zakwana. Ukawononga diso limenelo ndidzakudzukira."

A Doreen anawagenda ndi khoko la nandolo. "Achimwene, pakamwa panupo," anatero, akuseka kwinaku akupukuta m'maso.

Mvula sanaione, nandolo sanakolole. Anamwalira patatha masiku naini amayi atachitidwa opaleshoni, ulusi wa pachilonda utangochotsedwa kumene.

Amayi anachita zimene anauzidwa. M'nyumba ya siwa, momwe azimayi ankadzigubuduza ndipo utsi wa nkhuni zaziwisi unkalowa pazenera, anangolowamo kukaona nkhope n'kutuluka. Anakakhala pansi pa mtengo wa mango, kumene mphepo inkachokera, mutu uli chilili. Anthu anaona magalasi. Ine amene ndinakhala nawo pafupi ndinaona khosi. Linkakwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, tsiku lonse. Misozi inkadzera njira yatsopano ija, kutsikira kummero, iwo n'kumameza. Ina inkadontha m'mphuno, ndipo poti kumina kunali koletsedwa ankangogunditsa kansalu pamlomo. Mayi wina anadutsa n'kunena kuti, "Chimfine chimenechi, amake Maluwa, mumwe mandimu."

Pochokera kumanda, panjira yolowera m'mudzi, panali beseni la madzi a masamba monga mwa mwambo wathu, kuti aliyense asambe m'manja ndi kumaso asanalowe pakhomo. Anthu oposa handiredi anali atasambamo kale. Madziwo anali obiriwira, dothi la kumanda lili mbuu pansi pake. Amayi anaviika manja, n'kuwagwedeza, n'kudutsa. Kumaso sanasambe. Ndinamva kunong'ona kukuyambira pomwepo, kukutitsatira kumbuyo mpaka kunyumba.

Ndiye lero a Timoti anali atasonkhanitsa zonsezo.

"Zaka zonsezi munkalira maliro a anthu osawadziwa," anapitiriza. "Mwana wa mlendo akamwalira kutsidya, inu misozi mbwe. Lero mlongo wanu weniweni, amene anakunyamulani pa njinga, diso louma. Mwapita ku Blantyre kukachotsetsa misozi, patangotha sabata munthu wagwa. Munadziwa bwanji kuti misozi simudzaifuna?"

Sindinganame, a Timoti ankawakonda achimwene awo. Maso awo anali ofiira ngati tsabola, ndipo chiyambire maliro sanadye. Koma chisoni cha munthu si chilolezo choti apachike mnzake.

"Sanachotsetse misozi," ndinatero. "Anakatsegulitsa njira. Pepala lake ili."

Ndinalitulutsa m'thumba la siketi. Analiyang'ana osaligwira.

"Iwe, Chingerezi unachidziwira kuti? Si iwe unathawa sukulu?"

"Sindinathawe, fizi inasowa, inu muli pomwepo. Koma kuwerenga ndimawerenga. Bweretsani aliyense amene mukumukhulupirira awerenge, timve ngati anena zosiyana."

"Pepala aliyense akhoza kulemba." Anatembenukira kwa amayi. "Vulani magalasiwo, achemwali. Pano si pa ukwati."

Amayi anavula, n'kuwapinda bwinobwino, n'kuwaika pamiyendo. Dzuwa linawawomba kumaso. Kachipsera kofiira kanaoneka pambali pa mphuno, ndipo pakona ya diso kachingwe kaja kananyezimira. Amene anali pafupi anasendera m'mbuyo. Namfedwa, akazi a malemu, amene anakhala pakhomo atafunda nsalu kumutu, anagwira pakamwa.

"Icho," anatero a Timoti motsitsa mawu. "Chimene ankandiuza anthu ndi chimenecho. Munthu wabwinobwino amayenda ndi chingwe m'diso? Mwamangira chiyani mmenemo?"

Anakodola akazi awo, ndipo akaziwo anabwera ndi beseni lomwe lija la dzulo. Madzi ake sanatayidwe, anangowonjezeramo masamba atsopano. Analiika patsogolo pa amayi.

"Ine sindikufuna ndewu. Zinthu ziwiri basi. Musambe kumaso monga tasambira tonse, ndipo chingwecho chichoke tichione. Mukatero nkhani yatha, ndidzakupepesani pamaso pa anthu onsewa. Mukakana, ndiye kuti mwadziweruza nokha. Pa malo a amayi athu pano simukhala."

Malo a agogo ndiwo nyumba yathu, ndiwo munda wathu, ndiwo manda amene amayi adzagonemo. Kwathu kuno mkazi sachoka pamudzi, wochoka amakhala mkamwini. Mkazi wothamangitsidwa pa malo a mayi ake ndiye kuti dzina lake ndi limodzi lokha, ndipo limamutsatira kulikonse. Koma ndinkadziwanso zimene pepala linanena: madzi akuda pachilonda, kachingwe kozulidwa nthawi isanakwane, njira itsekekanso. Zaka khumi ndi chimodzi zija ziyambirenso pa wani.

"Amalume aakulu ankadwala," ndinatero. Chinsinsi cha malemu ndinachiswa ine, ndipo sindikupepesa. "Chiwindi. Anauzidwa kuchipatala. Ananena okha pakhonde pathu, ndipo anawalamula amayi kuti asadzigwetse pamaliro awo. Ndinamva ndi makutu angawa."

Namfedwa anadzutsa mutu. "Chiwindi? Ine ankandiuza kuti ndi zilonda za m'mimba."

"Anati inu musauzidwe."

"Taonani bodza lake," anatero a Timoti. "Munthu abise matenda kwa mkazi wake, kwa ine mng'ono wake, n'kukauza kamtsikana aka? Unali pati iweyo?"

"Kuseri kwa chitseko."

Ena anaseka.

"Mboni ya kuseri kwa chitseko, yochitira umboni mayi ake omubereka. Panalinso wina?"

Ndinayang'ana a Doreen. Anali pamkeka womwewo ndi akazi a a Timoti, miyendo atatambasula, akutosatosa mlaza wa mkeka ndi chikhadabo. Ndinadikira. Nkhuku inadutsa pakati pa bwalo, n'kujompha tsamba la m'beseni, n'kupita. A Doreen sanadzutse mutu.

Ndinamvetsa chimene ankaopa. Akavomera kuti analipo, funso lija la "munadziwa bwanji" liwatembenukira iwo. Namfedwa awafunsa chifukwa chimene ankabwera kudzapempha mchere tsiku ndi tsiku osanena kanthu. Dzulo iwo analira mokwanira, anadzigwetsa kawiri, anasamba kumaso. Anali otetezeka, ndipo ankafuna kukhalabe choncho. Ndinamvetsa, koma ndinawaitanabe.

"Amayi aang'ono," ndinatero.

"Maluwa." Anali amayi. "Ndati khala pansi."

"Ndiye musamba?" anafunsa a Timoti.

"M'manja ndisamba kakhumi mukafuna, achimwene," anayankha amayi mofatsa. "Kumaso ndidzasamba miyezi iwiri ikatha. Mudzasunge masamba anuwo, ndidzabwera ndekha."

"Miyezi iwiri kuti chimene mwamangacho chigwire ntchito?"

"Kuti chilonda chipole."

A Timoti anapukusa mutu. Anatulutsa kampango m'thumba, n'kukakulunga pa zala ziwiri, n'kuwerama. "Ngati ndi ulusi chabe, palibe choopa. Khalani chete, ndichotsa pang'onopang'ono."

Sindikumbukira kudzuka. Ndikukumbukira phokoso la dzanja langa pa mkono wawo, ndi beseni likugubuduzika, madzi obiriwira akuyenderera m'fumbi mpaka pamapazi a namfedwa. Kumenya malume, pa tsiku losesa, pamaso pa mbumba. Ndinadziwa kuti nkhani imeneyi idzanditsatira mpaka tsiku la chinkhoswe changa. Dzanja silinandipweteke n'komwe.

Koma podzidzimuka paja amayi anadziteteza ndi mkono, ndipo mkonowo unakhudza diso. Nditacheuka ndinaona kachingwe katatuluka, katapanga kagoba kotalika ngati chala cha mwana, kakulendewera pa tsaya. Dontho limodzi la magazi linatsika m'mphuno n'kuima pamlomo.

"Musagwire," ndinatero. "Amayi, manja pansi. Yang'anani kumwamba."

Ndinathamangira kunyumba kwathu, nyumba yachitatu kuchokera pamenepo, n'kubwera ndi kachikwama ka mankhwala ndi botolo la madzi owiritsa. Ndinasamba m'manja ndi sopo, anthu onse akuonerera. Ndinanyamula kagobako ndi kathonje, osakoka, n'kukagoneka pambali pa mphuno, n'kumata pulasitala monga anationetsera nesi. Ndinadontheza mankhwala. Ndinapukuta magazi aja. Amayi sanaphethire.

"Mawa m'mawa tikwera minibasi pa Namadzi," ndinawauza. "Anati kakatuluka amakabwezera. Sikanaduke."

"Chabwino."

Ndikuganiza kuti ena anayamba kuona kuti chinthu chomatidwa ndi pulasitala wa kuchipatala, masana dzuwa likuswa mtengo, sichifanana ndi zimene ankanong'onezana. Koma a Timoti anali atapita patali kwambiri moti kubwerera kunali kovuta. Anagwira mkono pamene ndinawamenya.

"Mwaona mwana amene mwalera, achemwali? Za iyeyu tikamba padera." Anatembenukira kwa akazi awo. "Katungeni madzi ena. Masamba alipo."

Akaziwo anatola beseni n'kupita kuseri. Tinamva chidebe chikulira.

Apa amayi anadzuka. Anadzuka mmene anaphunzirira masiku amenewa, msana uli chilili, dzanja limodzi pakhoma, mutu osaweramitsa. Magalasi anandipatsa ine. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa pamatope a madzi otayika aja, n'kuima pamaso pa mlongo wawo.

"Timoti," anatero. Sanati achimwene. "Ndinakubereka kumbuyo ine, amayi ali kumunda. Unandikodzera pamsana mpaka unayamba kuyenda. Ukuti sindinalire. Ukudziwa kumene misozi yanga ikupita masiku ano? Ikutsikira kukhosi. Ndamumeza Kalisto masiku atatu, mpaka m'mimba mwanga muli mchere wokhawokha. Iwe unkafuna uione pa tsaya kuti ukhutire. Pa tsaya inakhalapo zaka khumi ndi chimodzi, sunabwere n'tsiku limodzi kudzafunsa."

A Timoti anatsegula pakamwa, koma amayi anali atadutsa kale.

"Diso ili sindilipereka," ananena poyenda, mokweza kuti aliyense amve. "Anandipezera ndi Kalisto, akupalasa njinga chiwindi chili chotupa. Ndi chokhacho chimene wandisiyira. Pamudzi panonso sindichoka. Mchombo wanga uli kuseri kwa nkhokwe iyo."

Anafika pamkeka wa a Doreen. Poti kuwerama sakanatha, anagwada, mawondo onse awiri m'fumbi, kuti nkhope zawo zikhale pamodzi. Pulasitala uja anali mbee padzuwa. A Doreen anatembenuzira nkhope kumbali.

"Ndiyang'ane, mng'ono wanga. Usaope, ndi kapulasitiki chabe."

A Doreen anayang'ana.

"Ndakhala chete kuyambira m'mawa kuti uyambe wekha. Mwana wanga wamenya malume ake chifukwa cha kukhala chete kwakoko. Ndikudziwa chimene ukuopa. Akakufunsa chifukwa chimene unabisira, tiyankha awiri, pakuti tinabisa awiri, ndipo mlamu tikamupepesa awiri. Koma sindinyamula ndekha."

Akazi a a Timoti anatulukira pakona ya nyumba, beseni lodzaza lili m'manja, masamba akuyandama pamwamba. Ataona amayi ali chigwadire anaima pomwepo. Namfedwa anali atachotsa nsalu kumutu, akuyang'ana a Doreen. A Timoti nawonso.

"Tinali pakhonde panga," anatero amayi. "Lichero la nandolo linali pamiyendo pako. Kalisto anakhala pa mpando wothyoka mwendo uja. Atamaliza kuyankhula unamugenda ndi khoko, linamugwera pa kolala, iye n'kulitola n'kuliika m'thumba la malaya. Madzi awo afika, Doreen. Uwauze anthuwa. Kalisto ananena kuti chiyani za maliro ake, ndipo ananena kuti chiyani za diso langa? Unalipo kapena sunalipo? Yankha."